Thobwa la amake Dixon lilowa m'khoti

Ku South Bend kulibe Mmalawi amene sanamwepo thobwa la amake Dixon. Dzina lawo ndi Evelina Chikuse, mayi wa Dorika kutchalitchi, wamfupi, woyenda mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mukalowa m'galaja mwawo simupezamo galimoto, muli masaka onyowa ndi mawere akumera, chifukwa chimera amakonza okha. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ndikunena ine Vainess wa ku Lawrence, ku Indianapolis, mnzawo wakalekale, ndipo amene ndinawamangitsa ndine ndemwe.

Anabwera kuno atasiya mwana wawo Dixon ali Sitandade 4. Mapepala anavuta, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinatha akungomuona pafoni. Mapepala atalongosoka, Dixon anaika tsiku la ukwati wake kwawo ku Thyolo, mu Julaye, kuti mayi ake akakhalepo. Ndege inali ya Lachitatu la sabata yachiwiri ya mweziwo. Tikiti ndi pasipoti ankayenda nazo m'chikwama kulikonse, ngakhale kutchalitchi, n'kumaonetsa aliyense amene wawapatsa moni.

Lachinayi la sabata yoyambirira ya mweziwo anati akagulitseko thobwa pamsika wina umene umachitikira pamalo oimika magalimoto. Anandipempha ndiwaprintire timapepala tomata pamabotolo, kuti azungu adziwe chimene akugula. Ine ndi sukulu yanga ndinakumbukira kuti aphunzitsi ankati thobwa pachizungu ndi "sweet beer", ndiye ndinalemba zomwezo ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinaikaponso timaluwa, abale inu.

Pamsikapo panafika bambo wina waulemu wake, anawerenga botolo, n'kufunsa laisensi yogulitsira mowa. Amake Dixon anaseka, amvekere chakumwa ichi sichifuna laisensi, ngakhale ana amamwa, dzulo lomweli amwetsa ana a kutchalitchi. Basitu anaonjezera moto. Bamboyo anali wapolisi wosavala yunifolomu. Anawatenga pamodzi ndi mabotolo onse, ndipo posecha m'chikwama anapeza pasipoti ndi tikiti. A boma anati munthu uyu akamutulutsa athawira kwawo, akhale m'chitokosi mpaka mlandu wake udzazengedwe. Lachisanu linali holide, khoti linali lotseka mpaka Lolemba.

Nditamva, ndinaimbira Tusekele, mwana wa achimwene a amake Dixon, loya ku Indianapolis komweko. Tusekele anakulira kuno: Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi. Ndinamufotokozera zonse, za timapepala ndinanena chapansipansi. Anangondiuza kuti ndikwere galimoto yake. Tinauyamba ulendo wa ku South Bend.

Tinawapeza amake Dixon ali gwa, m'maso mouma. Anali ataphunzitsa kale azimayi anzawo a m'chitokosimo nyimbo ziwiri za Dorika, ndipo dandaulo lawo linali loti chakudya cha mmenemo chilibe mchere. Ine ndinayamba kulira ndi kupepesa. Anandidula, n'kufunsa Tusekele ngati apolisi aika thobwalo mufiriji. Tusekele anati ayi, lili m'chipinda chosungira katundu wa milandu.

"Ndi kutentha kumeneku? Ndiye pofika Lolemba likhala litasasa, akaliyeza apezamodi mowa. Vainess, pukuta misoziyo. Kiyi ali pansi pa mphika wa maluwa, chimera chili m'chigubu cha buluu. Ukaphike lina. Ine Lachitatu ndikukwera ndege."

Tusekele anadabwa. Zoti thobwa likagona masiku limasanduka, mwana wa kunoyu sankazidziwa, ngakhale wakhala akulimwa kuyambira ali wakhanda.

Aliyense anagwira yake. Tusekele analemba chikalata chotsutsa kusungidwa kwa azakhali ake: munthu sangatsekeredwe chifukwa choti ena akuganiza kuti mwina adzathawa, tikitiyo ndi yopita ndi kubwera, inagulidwa miyezi inayi yapitayo, ndipo mayiyu ali ndi ntchito, nyumba ndi tchalitchi konkuno. Ine Lamulungu ndinaphika phala la mgaiwa m'khichini mwawo, litazizirako ndinathira chimera n'kuvundikira. Lolemba m'mamawa ndinaliwiritsanso, ndinathira shuga, n'kulinyamula likadali lofunda.

M'khotimo loya wa boma anaimirira ndi pepala lake monyadira. Anati mabotolo awayeza m'mawa womwewo ndipo apezamo mowa, komanso pabotolopo mwiniwake analemba yekha kuti ndi mowa. Ine ndinangoyang'ana pansi. Tusekele anafunsa wapolisi uja tsiku limene anatenga mabotolowo. Anati Lachinayi. Anafunsa ngati onse alipo. Bamboyo anakanda m'mutu, n'kuvomera kuti awiri anaphulika okha Loweruka, ndipo chipinda chonse chikununkha.

Ajaji anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa ndi milandu. Anafunsa ngati womangidwayo akufuna kunenapo kanthu. Tusekele anayesa kuwagwira dzanja kuti akhale chete, koma amake Dixon anali ataimirira kale, n'kulankhula Chingerezi chawo cha ku Thyolo mosathamanga.

"Ajaji, ine ndinabweretsa thobwa. Thobwa ndi phala, limafuna firiji ngati mkaka. Anthu anu analitsekera m'chipinda chotentha masiku anayi. Ngati muli mowa m'mabotolomo, ndiye wafulula ndi boma. Ine sindinafululepo mowa."

Munthu wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. Ajaji anavula magalasi n'kuphimba pakamwa ndi dzanja. Kenaka Tusekele anapempha kuti thobwa langa liyezedwe, popeza laphikidwa ndi chimera chomwecho m'mphika womwewo. Tinadikira panja ola lathunthu, ine ndikungopemphera kuti ndisakhale kuti ndalakwitsanso pena. Atabwera ndi zotsatira, munalibe mowa ngakhale dontho.

Ajaji anati sakuona chifukwa chosungira mayiyu tsiku lina ngakhale limodzi, ndipo pasipoti ndi tikiti abwezeredwe pompo. Za mlandu wa mowa anauza a boma kuti akaganizenso bwino, ndipo patapita milungu ingapo anangousiya. Ajajiwo analangiza amake Dixon kuti akatenge chilolezo chogulitsira zakudya, komanso chakumwacho achipezere dzina lina. Ponena zimenezi ankayang'ana ine, sindikudziwa anawauza ndani.

Titatuluka ndinawathirira thobwa langa lotsala m'kapu, ndikuyembekezera kuti andiyamika. Analawa, anagwedeza kapu ija, n'kundiuza kuti ndi lamadzimadzi, chimera ndinaumira, mwamwayi ajaji sanalawe chifukwa akanatimanga tonse awiri. Tusekele anaseka mpaka kutsamira galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akulankhula Chichewa: anati azakhali akewo ndi ovuta.

Lachitatu tinawaperekeza ku eyapoti, chikwama atachikumbatira pamtima. Ine ndinalumbira kuti sindidzamasuliranso dzina la chakudya cha munthu.

Amake Dixon anandiimbira Lolemba linzake, ukwati utatha. Anati atafika sanapume, anaphika migolo iwiri ya thobwa, anthu anamwa mpaka kukokota. Koma mawu awo sanali aja a m'khoti. Anati pa eyapoti Dixon sanamuzindikire msanga, anaona bambo wandevu, wamtali kuposa pafoni, ndipo masiku awiri oyamba ankangopatsana ulemu ngati alendo. M'mawa wa ukwati, atavala kale suti, Dixon anabwera kuseri kwa nyumba kumene ankatunga thobwa, n'kupempha kapu. Anamwa theka, anaima, n'kuwayang'ana.

"Amayi, kukoma kwake n'komwe kuja. Ndimaopa kuti ndinaiwala."

Mayi amene anagona masiku anayi m'chitokosi osagwetsa msozi ndinawamva akulira, nanenso ndinalira nawo.