Chitseko Chofukulidwa mu Mchenga

Ndegeyo inafika pa lole, m'mabokosi a matabwa, ikununkhabe nyanja. A Alwyn Petch anaima pakhomo la shedi, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumaonerera anzawo akutsitsa. Sanathamangire. Anali ataona mabokosi ambiri otere.

Inali Spitfire, ndege ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inagwera m'mphepete mwa nyanja ku France, mchenga n'kuimeza, ndipo inagona momwemo mpaka mafunde a chaka china anavundukula nsonga ya phiko. Amene anaifukula anaigulitsa kwa wina, winayo kwa winanso, mpaka inafika m'manja mwa a Tarrant, mwini malole onyamula mbatatesi kuno ku Lincolnshire. Koma zimene zinatuluka m'mabokosimo sizinali ndege. Zinali zitsulo zokwinyika, zotuwa ngati phulusa, zina zongonyenyeka ukazigwira.

A Petch anayamba kusula malata a ndege atangosiya sukulu. Bambo awo ankakonza mathirakitala ndipo ankati ndege ndi zoseweretsa za anthu olemera. Sananame. Tsopano mwana wawoyo naye anali atakalamba. Khutu lamanzere linagontha ndi phokoso la nyundo. Zala zinkauma m'mawa, moti chimwalirireni akazi awo a Glenys, amene ankawamangirira mabatani, ankangovala majuzi. Ndege zimene anazisula ndi manja awo zinkauluka ku America ndi ku Australia. Anthu ankalipira kuti akazione, ena mpaka kugwetsa misozi injini ikabangula. Iwo ku zionetserozo sankapitako.

Ankadziwa zimene zinali m'kati mwa penti. Pa ntchito imeneyi munthu sagula ndege, amagula dzina. Ndege iliyonse ili ndi kachitsulo kakang'ono, kosaposa chikhatho, kodindidwa nambala yake. Kachitsuloko kakapezeka, amisiri amamanga ndege yatsopano yonse n'kukakhomerapo, ndipo m'mabuku imalembedwa kuti ndi yomwe ija, yangokonzedwa. Zitsulo zakale zimangothandiza kuyezera. Ntchito ikatha, eni ake ambiri amalamula kuti zotsalazo zidulidwe tizidutswa, kuopa kuti wina angatole phiko n'kudzamanga ndege yachiwiri ya dzina lomwelo. A Petch anadula zambiri. Pa ndege zonse zimene anakonza, sankakumbukira lata lakale ndi limodzi lomwe limene linabwereranso m'mwamba.

M'bokosi lina, pansi pa mawaya, anapezamo chitseko. Ndi kachitseko ka kumanzere kaja, kamene kamagwera pansi kuti woyendetsa alowe. Ngodya imodzi inali yopindika, koma chonsecho chinali chamtunthu, ndipo m'kati mwake munali mukadali penti yobiriwira. Anachigogoda ndi chikhadabo, n'kuchiika pa khutu labwino lija. Chinalira ngati chitsulo chamoyo.

A Tarrant atabwera kudzaona katundu wawo, a Petch anawaonetsa.

"Ichi chikhoza kuuluka, bwana."

"Chatsopano simungapange msanga, madala?"

"Ndingapange."

"Ndiye?"

"Ndiye ndege yanu ikhale ndi chinthu chimodzi chimene chinaionako nkhondo."

A Tarrant anaseka, n'kupukuta magalasi awo ndi tayi. "Bola Rhoda asaine. Koma tsiku lopenta likafika, chitseko chikhalepo, kaya chakale kaya chatsopano. Ndikufuna ndiione m'mwamba maso anga akadaona."

Rhoda Scammell ndiye anali woyendera ntchito pa shedipo. Chinthu chimene iye sanasaine sichinkakwera pa ndege. Bambo ake anagwirapo ntchito pa benchi imodzi ndi a Petch, ndipo ngakhale tsopano anali mayi wa ana akuluakulu, ankawatchulabe ankolo. Anachiyang'ana chitsekocho mbali zonse.

"Mchere wa m'nyanja umadya chitsulo, ankolo. Mukuudziwa."

"Ndikuudziwa."

"Chabwino. Muchiwongole, ndidzachiona."

Lata lakale la ndege ndi louma mtima. Ukalimenya nyundo mmene lilili, limang'ambika. A Petch anatenga sopo wamba wochapira, anapaka pa ngodya yopindika ija, n'kumayendetsapo lawi la moto pang'onopang'ono. Sopo akada bii, ndiye kuti lata lafewa. Ukapitirira pamenepo, lata lapsa ndipo silibwereranso. Kenako analigoneka pa thumba la mchenga n'kumaligogoda ndi nyundo ya mtengo, mofatsa, ngati munthu wogogoda pa nyumba ya odwala.

Marfleet, wokonza mainjini, ankadutsa pa benchi yawo popita kukatenga tiyi.

"Mwayamba kuchisambitsa, achikulire? Sopoyo akatsala mudzipakeko nanunso, mwina msanawo ungawongoke."

"Pita ukadontheze mafuta uko," a Petch ankayankha osadzutsa mutu.

Ntchitoyo ankaigwira m'mipata, akamaliza malata a mapiko. Nyengo yozizira inalowa. Mphepo yochokera m'minda ya kabichi inkalowa pansi pa zitseko za shedi, ndipo zala zawo zinkafuna kuziviika kaye m'madzi ofunda zisanagwire nyundo. Ngodya ija inawongoka. Madzulo akafika kwawo ankatenthetsa supu ya m'chitini, kudya ataimirira, osayatsa wailesi. Sanauze munthu, koma anali atatsimikiza mumtima kuti iyi ndi ndege yawo yomaliza.

Tsiku lina m'mawa anayamba kuboola mariveti akale a pa hinjesi, timisomali tofewa tija timene timaphwanyidwa kumutu kuti tigwire malata. Riveti ina itachoka, pa bowo panatuluka ufa woyera. Anapemerera. M'mphepete mwa bowolo lata linali litatukuka magawomagawo ngati makoko a anyezi. Mchere unali utalowa m'kati, n'kusiya kunja kuli bwinobwino.

Anaphimbapo ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana uku ndi uku. Marfleet anali chagada pansi pa injini. Rhoda anali mu ofesi yake ya magalasi, foni ili pa khutu.

Masana a Petch anakadyera m'galimoto. Mvula inkawaza. Anatafuna buledi wa tchizi kwa nthawi yaitali, maso ali pa msewu wonyamukira ndege umene udzu unayamba kuudya m'mbali. Ankadziwa chimene chimachitika chitseko chikathothoka m'mwamba: chimakamenya chipsepse cha kumchira. Ankadziwanso kuti bowo ndi limodzi lokha, ndipo mwina ena onse ali bwino. Mwina. Atabwerera anasankha riveti ya mutu wokulirapo pang'ono, anaikhomera, n'kupopera penti yoyamba. Palibe chinkaoneka. Manja awo sananjenjemere, ndipo zimenezo ndi zimene zinawadandaulitsa.

Rhoda anabwera kumapeto kwa sabata ndi tochi ndi kagalasi kake kokulitsa zinthu. Anachinyamula chitsekocho, anachipendeka pa kuwala kwa windo, n'kupukusa mutu.

"Ngodya iyi ndi ija? Ankolo, inu ndinu mfiti."

Anayendetsa chala pa mzere wa mariveti, imodzi imodzi, monga ankachitira bambo ake. Chitafika pa riveti ija, chala chinaima. Sanawayang'ane. Anangochisiya pomwepo, maso ali pa windo, ngati akumvetsera mvula. Cholembera chinali m'thumba la ovolosi yake, ndipo sanachitulutse kapena kuchikankhira m'kati.

A Petch anaona kuti m'tsitsi la mwanayo mwayamba imvi. Anatambasula dzanja n'kutenga chiboolero.

"Chotsa chalacho, ndingakuboole."

Mutu wa riveti unagwera pa benchi. Ufa woyera unatsatira. Rhoda anawalitsa tochi m'bowomo kwa kanthawi, kenako analowetsa nsonga ya kampeni n'kutukula pang'ono. Lata linasenduka kutalika ngati chala, lokha, mopanda phokoso.

"Pepani, ankolo."

"Ukupepesa chiyani? Unathira mchere ndiwe?"

"Ndikanena kuti munandiitana nokha kudzandionetsa bowoli."

"Usanene kanthu. Lemba kuti chakanika."

Rhoda anakhala pa mpando wa pambali pa benchi, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anapukuta kampeni kaja pa bondo.

"Ndiwapemphe a Tarrant. Chikhoza kukolekedwa pa khoma. Kaya mupite nacho kwanu."

Anawaimbira pomwepo, a Petch akumva ndi khutu limodzi. A Tarrant sanakalipe. Anati akumvetsa, ndipo madalawo adzawagulira botolo la mowa pa Khirisimasi. Koma chitseko cha penti yake, cha manambala ake odindidwa m'kati, n'chimene munthu wochenjera amayambira. Anthu anamangapo ndege ndi zochepa kuposa pamenepo. Lero chili pa khoma, mwini khoma akamwalira chili pa msika. Chidulidwe pamodzi ndi zinzake.

"Akunena zoona," a Petch anatero Rhoda atatsitsa foni.

"Ndimuuze Marfleet adule?"

"Marfleet angadule zala zake. Ndisiyire."

Sanachidule tsiku lomwelo. Anayamba achigoneka pa lata latsopano, lowala ngati kalilole, n'kujambula mozungulira. Anayeza kupindika kwake, malo a bowo lililonse, ndi mmene mmisiri wakale wosula chitsekocho, amene palibe akumudziwa dzina, anapindira m'mphepete mwa pamwamba mothina pang'ono kuposa mmene mapulani amanenera. A Petch anatsata mmisiriyo, osati mapulani, ndipo Rhoda atayeza anati zili m'malire ololedwa. Chatsopanocho sichinawavute. Lata latsopano limamvera.

Chitatha, anatenga chakale chija n'kupita nacho ku makina odulira ochita kuponda ndi phazi, kuseri kwa shedi, kumene kunali mgolo wa zidutswa. Marfleet anawatsatira ndi makapu awiri a tiyi. Nthabwala anaisiya m'kati.

"Ndipondereko ine, achikulire?"

"Gwira tiyiyo asazizire."

Anachilowetsa pansi pa mpeni n'kuponda. Sichinalimbe n'komwe. Pamene mpeni unadutsa panaoneka kuti mchere unali utayenda kutali, mpaka pakati pa chitseko, kumene iwo ankati kuli bwino. Anatola chidutswa chimodzi, anachiyang'ana m'mbali, n'kuchiponya mu mgolo. Anaponda kachiwiri, n'kupitiriza mpaka panalibe chidutswa choti munthu angawerengepo nambala.

Analandira tiyi uja, n'kuphatika zala zonse pa kapu.

"Mwamva? A Tarrant akuti kwapezeka ndege ina ku Norway," Marfleet anatero. "Ili m'dambo. Akuti madzi ake si amchere."

A Petch anamwa pang'ono.

"Ukawauze apeze wosula wina," anatero. "Ine iyi ikapentedwa, basi."