Foni ya ku Evington

Foni ya pakhoma ikalira kuntchito kuno, mtima umandigundabe.

Sukulu tikatsekera, amayi ankanditenga mobisa kudera lotchedwa Evington, kumene ankasamalira bambo ena okalamba a ku Amereka. M'nyumbamo munkanunkha chikopa ndi mankhwala opaka. "Ukhale kuseri kwa sofa, usakhosomole n'komwe," ankatero amayi. "Ana awo akakuona, ntchito yanga yatha."

Tsiku lina foni inalira. Bambo aja anadzambatuka, n'kutola kampira koyera kolimba ngati mwala, n'kuyamba kupukusa mkono, maso ali pa amayi. Ndinaona kuti basi, awagenda. Ndinadziluma chala kuti ndisakuwe, mkodzo n'kutsikira m'masokosi.

"Lero sakukufunani, bambo, timu ikuwina," anatero amayi m'Chingerezi, akuwalanda kampirako pang'onopang'ono.

M'basi pobwerera, amayi anandifotokozera. Bambowo kale anali oponya mpira m'masewero a kwawo otchedwa besibo, koma ankayambira pabenchi. Woponya mnzawo akatopa, zinthu zitathina, ankaitanidwa pafoni kuti atenthetse mkono, akapulumutse timu.

Pano ndimamvetsa chifukwa chake amayi sanawaope. Nawonso ankadya atavaliratu yunifolomu, kudikira foni yoti wantchito mnzawo walephera kubwera, akalowe m'malo mwake.