Tsiku la a Kamodzi

Mumsewu wa ku situdiyo anthu amadziwa deti osayang'ana pa kalendala. M'mawa uliwonse mashopu akamatsegulidwa, a Makutu, amene amayendetsa makina pakampani yojambula nyimboyo, amatulutsa sipika pakhonde, kutsokomola pa maikolofoni, n'kunena kuti, "Tsiku ngati lero..." Akatero amatchula chimbale chimene kampaniyo inatulutsa pa deti limenelo zaka za m'mbuyomu, n'kuika nyimbo imodzi ya m'chimbalecho. Woimbayo akakhala kuti ali moyo ndipo sakhala kutali, amamuitana kudzaima pakhondepo, anthu n'kumuombera m'manja. Anayambitsa zimenezi ndi bwana wamng'ono atangolandira kampani kuchokera kwa malemu bambo ake, ndipo msewu wonse unazikonda.

Tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi khondelo, pamakhala a Kamodzi osoka nsapato. Malo awo ndi kabenchi, kabokosi ka misomali, ndi denga la malata limene amaligawana ndi Wometa, mnansi wawo wapakamwa posatseka. Munthu wachilendo akabweretsa nsapato amayenera kuwerama kuti amve zimene a Kamodzi akunena, chifukwa mawu awo amatuluka monong'ona, mokhakhala ngati akupala chikopa. Wachilendoyo sangaganize kuti madala amenewa ali ndi chimbale m'mashelefu a tsidya linalo.

Ali mnyamata ankasoka pamalo omwewa, uku akuimba. Tsiku lina bwana wamkulu wa situdiyo anabwera ndi nsapato yomatuka chidendene, nakhala pabenchi phazi limodzi lili mu sokosi. Nsapato inatha nyimbo isanathe. Bwanayo anangovula inzake, yabwinobwino, nati, "Iyinso soka, koma usasiye kuimba." Sabata yomweyo anamuwolotsa msewu.

Bwana wamkulu anali ndi lamulo lake: chimbale chimatuluka mwezi umene walonjeza, zivute zitani. Cha mnyamata wosoka nsapatoyu analonjeza Febuluwale. Mapepala a pachikuto anachedwa kosindikiza, anafika tsiku lomaliza la mwezi, ndipo aliyense pakampanipo, kuyambira bwana mpaka mlonda, anakhala pansi kupinda mapepala ndi kulowetsa m'timabokosi ta makaseti kuti lonjezo lisaphonye. Chaka chimenecho Febuluwale anali wa masiku 29. Palibe anaganizapo kanthu. Anthu anali osangalala, chimbale chinagulidwa, mnyamatayo anayamba kupeka nyimbo za chachiwiri.

Chachiwiricho sichinabwere. Pakhosi panatuluka chotupa, madokotala anachichotsa, moyo unatsala koma mawu anapita. Anabwerera pabenchi, ndipo msewu unawapatsa dzina loti a Kamodzi. Sanalikane. Ankati kamodzi kaposa ayi.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene onse amamutcha Make Mapasa, amasita zovala pamalo ochapira kumapeto kwa msewu. Mawu a bambo ake akuimba amawakumbukira patalipatali, chifukwa kaseti ya kunyumba inatafunidwa ndi wailesi iye ali ku pulayimale. Malemu mayi ake anayesa kuikulunga ndi cholembera, inangoduka. Mapasa ake, atsikana awiri, anabadwa n'kupeza agogo onong'ona, ndipo ankaganiza kuti anabadwa choncho. Chimene Make Mapasa ankafuna pamoyo wake chinali chimodzi: anawo amve agogo awo akuimba, agogowo ali moyo ataima pakhonde paja.

Chaka choyamba cha sipika ya pakhonde, Febuluwale anathera pa 28, kutacha anali Malichi. Make Mapasa anasiya simbi yositira n'kupita kwa a Makutu, ndipo anabwerako akumwetulira.

"Bambo, a Makutu avomera. Akuti akuikani pa 28 chaka chamawa, akangomaliza ya amayi a kwaya aja."

"Pa 28 ndi pa amayi a kwaya," ananong'ona a Kamodzi osasiya kukoka ulusi.

"Nanga pa 1 Malichi?"

"Ndi pa mnyamata wa gitala uja, malemu. Ndikalande tsiku la munthu ali m'manda?"

"Ndiye mungokhala, anzanu onse akuomberedwa m'manja chaka ndi chaka?"

"Mwanawe, tsiku langa ndili nalo. Silinatayike. Limangoyenda wapansi."

Wometa, amene amamva zonse ngakhale makina ake ometera akulira, anaseka mpaka kasitomala anagwira khutu. "Madala, chimbale chanucho chimakumbukira kubadwa kamodzi pa zaka zinayi. Mukawerenga bwino n'chofanana msinkhu ndi zidzukulu zanuzi. Chilembetseni sukulu!"

"Iwe meta bwino, munthuyo wamusiya phiri kunkhongo," anatero a Kamodzi.

Anakhala choncho zaka zonsezo. M'mawa uliwonse sipika ikalira ankaika nyundo pansi, kumvetsera mpaka nyimbo ithe, n'kuomba m'manja limodzi ndi ena. Oimba akale akabwera kudzaima pakhonde, ambiri ankawolokera kwa iwo kudzapereka moni, ena n'kusiyako nsapato. Palibe tsiku limene mwana wawo anawamva akudandaula. Wodandaula anali iye, makamaka akaona kuti dzanja la bambo ake layamba kunjenjemera polowetsa ulusi.

Chaka cha Febuluwale wautali chitafika, Make Mapasa sanafune kudalira kukumbukira kwa amuna. Mwezi uli pakati analowa mu situdiyo atanyamula mtolo wa makatani a kampaniyo amene anasita.

"Amalume, ndabwera kudzakukumbutsani za pa 29."

"Ndingaiwale ine? Ndinali pompano tikupinda mapepala aja," anatero a Makutu, akutembenukira ku kompyuta. Anasakasaka. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Kenaka anagwira pakamwa.

"Chavuta n'chiyani?"

"Mayi wanga ine! Mulibe."

Anamufotokozera mmene zinayendera. Chaka choyamba chija, masana aliwonse ankatsitsa pashelefu tepi ya mawa lake, kuiika pamakina akale, n'kuisamutsira mu kompyuta. Chaka chitazungulira, masiku onse anali atalowa, makina akalewo anawakankhira ku sitolo. Koma pa 29 Febuluwale sipanakhalepo "mawa" chaka chimenecho, choncho tepi ya a Kamodzi palibe anaitsitsa.

Tepiyo anaipeza ili m'bokosi lake, yosanyowa, yosadyedwa. Makinawo anali pansi pa mipando yothyoka. Atawatsegula kumbuyo anapeza lamba wa rabala woyendetsa mawilo atasungunuka, wakuda bii, womata ngati phula.

"Malamba amenewa anasiya kugulitsa kalekale," anatero a Makutu. "Kuitanitsa kunja, afika tsikulo litadutsa."

Make Mapasa anawerengera zaka mumtima. Zaka zina zinayi, bambo ake adzakhalapo? Koma iye si munthu wokhala pansi n'kugwira tsaya. Anasolola ulusi pampendero wa katani, nazunguliza pamawilo awiriwo, namanga mfundo.

"Bambo, mundidulire lamba wa rabala, wozungulira chonchi, wopyapyala," anatero atafika pabenchi.

"Wa chiyani?"

"Wa makina a kuntchito kwathu."

A Kamodzi anatenga ulusiwo, anaona zakuda zimene zinamatirira, anaununkhiza. Anayang'ana khonde la tsidya lina, kenaka mwana wawo.

"Makina ochapira sanunkha chonchi. Tepi ili bwino?"

Make Mapasa anangogwedeza mutu, misozi ili m'maso.

"Ndiye ukulira chiyani? Pita kwa okonza matayala, akupatse machubu otha. A njinga yamoto, a galimoto, onse."

Chubu ukachidula mopingasa chimatulutsa mkombero wopanda msoko, ndipo a Kamodzi ankadziwa kuti msoko ungagwedeze nyimbo. Ananola mpeni wawo wodulira zikopa, napumitsa dzanja pabondo mpaka kunjenjemera kutachepa, nadula. Anakana kuwoloka msewu tsiku lawo lisanakwane, choncho wowoloka anali mwana wawo, pa nthawi yopuma kuntchito. Anakananso kuti ayesere tepi yawo. A Makutu anagwirizana nazo, poti tepi yokalamba choncho mwina ikanalola kuyenda kamodzi kokha. Anayesera ya amayi a kwaya, imene inali kale mu kompyuta.

Lamba woyamba anali wolobodoka. Amayi a kwaya anatuluka pawindo la situdiyo ndi mawu aakulu, okoka, ngati azibambo ochokera ku mowa.

"Amayi aledzera!" anakuwa Wometa. "Ndikawanenera kwa abusa!"

Wachiwiri anathina kwambiri, mawilo ankayenda modukiza, amayi aja ankaimba ngati agwidwa ntchikutchiku. A Makutu anaseka mpaka kukhala pansi. Make Mapasa sanaseke. Anabwerera ndi lambayo, bambo ake anamuyeza ndi zala, nasankha chubu china. Anadula ena angapo masiku otsatira, wina kuduka, wina kuterereka. Mwezi utatsala pang'ono kutha, amayi a kwaya anaimba ngati amayi a kwaya, ndipo a Makutu anatulutsa mutu pawindo n'kukweza chala chachikulu.

Pa 29 Make Mapasa anadzuka m'mamawa kusita malaya oyera a bambo ake. Anthu amamulipira kuti awasitire, koma sanasitepo kolala mosamala ngati imeneyo. Kwa aphunzitsi anali atapempha kale kuti mapasa achedwe. A Kamodzi anapukuta okha nsapato zawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire kulira kwa sipika ija anawoloka msewu, mdzukulu kudzanja ili, mdzukulu kudzanja linalo. Anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. Wometa anabwera ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi.

Makina akale anali pathebulo pafupi ndi chitseko, waya wina wopita ku sipika, wina ku kompyuta. A Makutu anatsokomola.

"Tsiku ngati lero, ndipo tsiku lake ndi ili losaoneka wamba, kampani ino inatulutsa chimbale cha mnyamata wina wosoka nsapato. Mnyamatayo ndi uyu."

Anadina batani. Mawilo anayamba kuzungulira. Mu sipika munangomveka mpweya, fuuu, kwa nthawi imene kwa Make Mapasa inali yosatha. Maso ake anali pa lamba. Kenaka gitala analira, ng'oma inalowa, ndipo mawu anatuluka, oyera, amphamvu, odzaza msewu wonse:

"Usakule msanga, mwana wanga,
nsapato zako sindinamalize."

Make Mapasa anagwira chipilala cha khonde. Anali ataiwala kuti nyimboyo bambo ake anapekera iyeyo ali mwana.

"Amama, akuimbayo ndani?" anafunsa mmodzi wa mapasa.

"Agogo anu."

"Bodza! Agogo salankhula choncho."

"Ayang'aneni pakamwa."

Anawo anakweza maso. A Kamodzi anali ataima chilili, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, milomo ikuyenda limodzi ndi sipika, liwu ndi liwu. Pamene woimbayo ankapuma iwonso ankapuma. Pamene anakoka mawu, mitsempha ya m'khosi mwawo inaima pafupi ndi chipsera cha opaleshoni. Mapasa anayang'ana sipika, kuyang'ana agogo, kuyang'ananso sipika. Wofunsa uja anatembenukira kwa mayi wina wosamudziwa amene anaima pafupi n'kumukoka dilesi.

"Amenewo ndi agogo athu. Athu ife."

Nyimbo itatha msewu unaomba m'manja mpaka magalimoto anaima. Wometa ankapukuta m'maso ndi nsalu ya kasitomala, akuti mwalowa tsitsi. Bwana wamng'ono anatenga maikolofoni nati popeza madala adikira zaka zinayi, lero pamveke nyimbo zinayi. Anthu anakuwa kuvomereza. A Kamodzi anapukusa mutu, nakweza chala chimodzi. Bwanayo anawerama kuti amve, kenaka anaseka n'kuuza anthu.

"Akuti imodzi, ngati anzawo onse. Akuti iwo si opemphetsa."

A Makutu anazula waya wa sipika, tepi inapitiriza kuyenda mwakachetechete kulowa mu kompyuta, ndipo lamba uja anapirira mpaka nyimbo yomaliza. Masana ake nyimbo zonse zinali mu foni ya Make Mapasa. Bambo ake anati kunyumba aziimvera mmene angafunire, koma pakhonde paja ndi pa 29 basi.

Mapasa atabwerako kusukulu anapeza agogo ali pabenchi, malaya oyera atawapachika pamsomali, akukhoma chidendene cha munthu.

"Madala, ndakusekani nthawi yaitali," anatero Wometa. "Lero ndikumetani ulere."

"Kuti undisiye phiri kunkhongo? Zikomo."

Anawo anakhala pansi pafupi ndi kabokosi ka misomali, akung'ung'udza nyimbo ija molakwitsalakwitsa.

"Agogo, nsapato za amama zija munamaliza?"

A Kamodzi anayang'ana mwana wawo, amene anaima ndi mtolo wa zovala za eni ake pamutu.

"Sanandimvere amayi anuwa. Anakula msanga."

Anapisa m'kabokosi, natulutsa ulusi uja wa zakuda, namasula mfundo. "Vulani nsapatozo. Bweretsani mapazi kuno ndikuyezeni, mmodzimmodzi, musakankhane."