Munandiyendetsa chobwerera mpaka kumunda

Lero kufakitale tiyi watuluka wonunkha chopserera, ndipo ndangozindikira ndikufunsa funso lanu lija: "Tsambali ladutsa m'manja mwa yani?" Pomwepo ndakukumbukirani, a Namakhwa, kapitawo wathu. Nthawi ina, ndili woyang'anira watsopano, tiyi ataipa chonchi, ndinkafuna kuchotsa ntchito a Fulaye a kumakina owumitsira. Inu munangoti, "Bwana, tiyeni tiyende kaye." Tinayenda chobwerera, kuchoka kowumitsira, kudzera kopera ndi kofotetsera, mpaka pasikelo kumunda. Amayi othyola anatiuza kuti masamba amatenthera m'matumba podikira thirakitala. Woyendetsa thirakitala naye anati kamlatho kanakokoloka ndi mvula, ndiye amazungulira kutali. Aliyense ankadziwa mbali yake, koma panalibe amene anafunsidwapo. Munandiyang'ana n'kunena kuti, "Nzeru pano zilipo zambiri, koma zili m'mitu yosalankhulana."

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse timakumana m'mawa, wothyola, dalaivala, makaniko ndi wolawa tiyi, aliyense n'kunena chimene waona, ndipo timalemba kuti wobwera m'mbuyo adzachipeze. Tikuchitabe, ngakhale malo anu pabenchi paja palibe amene amakhalapo. A Fulaye anapuma ntchito mwaulemu chaka chatha, pano akugulitsa nanazi pa Chitakale. Mpaka lero sadziwa kuti tsiku lija kalata yowachotsa inali kale m'thumba mwanga. Inu munkadziwa, ndipo simunauzepo munthu. Zikomo, bambo. Usani mumtendere.