Khomo Limene a Tsekani Sanatseke

Mkulu wanga anabadwa ndi mantha ngati mmene ena amabadwira ndi kadontho patsaya. Tili ana, ankatseka chitseko, n'kuchigwedeza, n'kuyenda pang'ono, n'kubwereranso kukachigwedeza. Poto avundikire, botolo alimange mpaka wina alephere kulitsegula. Ngakhale ine mng'ono wake ndikakhala kukamwa yasa, ankandiuza kuti nditseke. Bambo ndi amene anamupatsa dzina loti a Tsekani, ndipo linamukakamira mpaka kuntchito.

Ntchito nayonso inachita kumusankha. Amagwira pa kakampani kolemba mapulogalamu a kompyuta, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe fani imazungulira koma mphepo osakufika. Pulogalamu imene amaisamalira ndi ya pa intaneti, ya labu yoyeza magazi. Zotsatira za odwala zimasungidwa mu databesi, nkhokwe ya mu kompyuta, ndiye pulogalamuyo imazitola n'kuzilemba m'kalembedwe kotchedwa XML, kuti makompyuta a zipatala zing'onozing'ono azitha kuziwerenga.

Anandifotokozera tsiku lina tikuchapa. Akuti mu XML chilichonse chili ndi khomo lolowera ndi lotulukira. Ukatsegula ndi <dzina>, uyenera kutseka ndi </dzina>. Likangotsala limodzi losatseka, kompyuta yolandira imakana fayilo yonse, ngati mwana wokankha mbale chifukwa walumamo kamwala kamodzi.

"Ndiye amakulipirani chifukwa cha matenda anu omwewa, achemwali?" ndinamuseka.

Iye sanaseke nawo. Anati m'fayilo iliyonse muli anthu amene akudikira pabenchi penapake, ndipo zimenezo zimamudya mumtima.

Chaka chatha bambo anayamba kufooka. Milomo kuyera, masitepe ochepa okha kupumira pakati. Koma bambo athu ndi ouma mutu, chipatala amachiona ngati kupolisi. Ndinachita kuwakoka kuti akawatenge magazi, ndipo mawa lake ndinawakokanso kukamva zotsatira. Tinakhala pabenchi mpaka msana kuwawa. Kenako nesi anatuluka n'kunena kuti zotsatira za aliyense sizinafike, kompyuta ikukana fayilo ya tsikulo, mwina tidzayesenso sabata yamawa.

"Waona? Ndilibe vuto ine," anatero bambo, maso akufunafuna chipewa chawo. "Tiye kunyumba."

Ndinapita pakhonde n'kuimbira mkulu wanga.

"Achemwali, makina anuwa atani lero?"

"Ndikudziwa, zipatala zonse zikundiimbira. Anzanga apita kumsonkhano, ndili ndekha. Pali khomo latseguka penapake, sindikuliona." Kenako anafunsa, "Iwe uli kuti?"

"Nanga si tili kuchipatala ndi bambo? Akuti azipita."

Iye anati, "Usawalole achoke. Anamize chilichonse."

Ndinabwerera mkati, n'kutenga chipewa chija mwakabisira n'kuchiponya m'chikwama changa. Bambo sangaponde mumsewu mutu uli pamtunda. Anayamba kusuzumira pansi pa mabenchi, akulalatira akuba a m'chipatala, ine ndikuwathandiza kufunako. Atawerama kachiwiri anagwira khoma, ndipo ndinaona kuti zala zawo zayera ngati pepala. Apa m'pamene mantha a mkulu wanga anandilowa nanenso.

Zimene zinkachitika pamwamba pa sitolo ya matayala anandiuza yekha pambuyo pake. Anatsata mzere umene kompyuta inkadandaula nawo. Pamalo a zotsatira, kutsogolo kwa nambala, panali kachizindikiro aka: <. Makina a ku labu amakalemba chinthu chikachepa kwambiri m'magazi, kuposa pamene iwo angathe kuwerenga. Koma mu XML kachizindikiro komweko ndi kotsegulira khomo. Pulogalamu inakakopera mmene kanalili, ndiye kompyuta za kuzipatala zinkadikira kuti khomolo litsekedwe, osatsekedwa. Chiyambire ntchito, anali asanakumanepo ndi magazi otsika chotero.

Anakweza maso pang'ono kuti aone kuti munthu wake ndi ndani. Pakati pa <dzina> ndi </dzina> panali dzina la bambo.

Chofunika chinali chaching'ono, kungouza pulogalamu kuti zotsatira zizidutsa kaye pa kachida kamene kamasandutsa zizindikiro zotere kukhala zilembo wamba. Ankalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, foni ya pa desiki ikulira osaleka. Nambalayo sakanaisintha. Ntchito yake inali kungoifikitsa kwa ife mmene inalili, ndipo anaitumiza.

Kuchipatala kuno ndinaona nesi uja akuyang'ana pa kompyuta, nkhope n'kusintha. Sanayende, anathamanga kukaitana dokotala. Anabweretsa njinga ya odwala, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti bambo anakhalapo osatsutsa. Za chipewa sanafunsenso. Dokotala anandifunsa ngati tinabwera wapansi, ndipo nditavomera anangopukusa mutu.

Mkulu wanga anatipeza kuwodi, thumba la magazi litapachikidwa kale pambali pa bedi. Anali wefuwefu, thukuta kamukamu, chikwama anachiiwala. Anaima kumiyendo kwa bedi, akungowerenga madontho ndi maso.

Foni yake inalira. Anali bambo wa sitolo ya matayala, ndipo mawu ake ankamveka chipinda chonse.

"Mayi, mwasiya ofesi yosatseka. Makiyi ali pachitseko pomwepo. Kwagwanji?"

Bambo anatsegula maso pang'ono, n'kumuyang'ana mwana wawo kwa nthawi.

"Tsekani, sunatseke?"

"Sindinatseke, bambo."

"Chisiye," anatero, n'kutambasula dzanja lopanda singano lija kuti aligwire.