Kuoloka Shire ndi Galu Kumsana

Ndinanyamuka kwathu kwa Ngabu m'mamawa, chaka chimene tinayamba kulima thonje, galu wanga Kapitawo ali paphewa. Thupi lake lonse linali zithupsa, ankangodziluma n'kumalira, ndipo chakudya anali atakana masiku anayi. Alamu anga anagamula kuti ndi chiwewe, aponyedwe m'Shire. Ine ndinachonderera kuti ndiyambe ndakamuonetsa kwa a Thomu, mlenje wa kwa Makhuwira wodziwa za agalu.

Dzuwa litakwera ndinafika padooko. Paja opalasa bwato salola galu, amati ng'ona ikamva fungo lake imalondola bwato mpaka tsidya. Ndiye ndinalowa m'bango, n'kumubereka Kapitawo ndi nsalu ya mkazi wanga, kufunditsa ndi mutu womwe. Ndinalipira kobiri limodzi, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa bwato ngati munthu wachisoni.

"Mwana akudwala?" anafunsa mayi wina wa dengu la milamba yowamba.

"Kwambiri, mayi."

"Nanga amake?"

"Anamwalira," ndinatero, ndipo silinali bodza, poti make wa galuyo anafadi.

Mayiyo anagwidwa chifundo, nanyema mlamba kuti ndimpatse mwanayo. Fungo litangofika kumsana, mchira unatulukira kunsi kwa nsalu n'kuyamba kugwedera. Tinali pakati pa madzi.

"Baba, mwana wanu ali ndi mchira," anatero wopalasa, Msena wamtali. "Mwanambwa uyu."

Aliyense anabweza manja m'bwato. Mkuluyo anapalasa ngati wapsa nyumba, akunditukwana m'zilankhulo ziwiri. Tinaoloka msanga kuposa masiku onse, koma palibe anandithokoza.

Masana ndinadutsa m'minda ya mapira, thukuta lili kamukamu, mpaka kwa a Thomu. Iwo anangoika chikho cha madzi pansi, Kapitawo n'kumwa mpaka kunyambita.

"Wachiwewe samwa chonchi. Izi ndi mphutsi. Amagona pati?"

"Pamchenga, kuseri kwa mitsuko. Ndimathirapo madzi dala kuti azimva kuzizira, kutentha kwa kuno mukukudziwa."

"Ndiye mumayalira ntchentche poikira mazira, achimwene."

Anapaka mafuta a nsatsi pachithupsa chilichonse. Posakhalitsa timitu toyera tinayamba kusuzumira, tikusowa mpweya, iwo n'kumafinya ndi zala. Zinatuluka zonenepa bwino, nkhuku zawo zikudikira pambali. Galu analira, inenso misozi inalengeza, ndinanamizira utsi wa fodya wawo.

Dzuwa likupendeka ndinamasula kamba wanga, mbatata zootcha zitatu. Kapitawo anadya zonse, ine ndikuyang'ana ndi njala yanga, mtima uli mbee.

Tinakhala komweko masiku atatu, mabala n'kuuma. Pobwerera Kapitawo anayenda yekha, patsogolo panga, akuthamangitsa nkhanga zimene sakanazigwira. Ine m'mbuyo manyazi anali atandigwira. Tinatsala pang'ono kumiza galu wabwinobwino, chonsecho matenda akewo ndinkawathirira ndine m'mawa uliwonse, ndi manja angawa, poti ndinkamukonda.