Awa Adziwa Nsawa Chabe

Ndinalowa sukulu ya akulu ku Pembamoyo imvi zitatuluka kale, pamodzi ndi akazi anga a Naphiri. Tsiku lina aphunzitsi anajambula mabokosi asanu ndi anayi pabolodi, nati tiikemo manambala kuyambira 1 mpaka 9, mzere uliwonse, ngakhale wopingasa, ukwane 15.

Kunyumba ndinafufuta mpaka pepala linabooka. A Naphiri anajambula mabokosiwo padothi, nasanjamo nsawa zimene ankaswa. "Bambo, 5 akhale pakati. Koma 9 asakhale pakona, alibe anzake okwanira." Zinatheka.

M'mawa mwake aphunzitsi atafunsa, ndinaimirira ine, nditamanga mabatani a jekete. Anandiombera m'manja. Kenaka anatembenukira kumphasa ya azimayi: "Nanga a Naphiri, munayesako?"

Ndinawayankhira ndine: "Awa, aphunzitsi? Awa adziwa nsawa chabe."

Kalasi yonse inaseka, ine ndinaseka kuposa onse. A Naphiri anangondiyang'ana, nakonza chitenje. Sanapondekonso kusukuluko.

Dzulo kukiliniki namwino anawapatsa bolopeni kuti asaine. Anapempha inki, nadinda chala. "Odziwa kulemba ndi awa," anatero, akundiloza osandiyang'ana.